Mfuti ku Joni: mmene laisensi imapezekera, komanso malamulo oyenda nayo

Abale anga, funso ili ndayankha kokwanira. Mwezi uno wokha anthu anayi andiimbira, wina anachita kundikokera pambali tili pa msonkhano wa gulu lathu la maliro, akuti achimwene tamva kuti inu muli nayo ya malamulo, pemiti yobisa mfuti ija imatengedwa kuti? Sindikuwada ofunsawo ayi, ndikudziwa chomwe chikuwapangitsa, munthu ukaberedwa kawiri katatu pa geti pako pomwe, mfuti atakuloza pamphumi ana akuona, maganizo amenewa amabwera okha. Koma ndatopa kubwereza pa foni, ndiye ndilembe kamodzi, wofunsa ndizingomutumizira.

Tiyambe tachotsa chisokonezo. Pemiti yapadera yobisa mfuti ndi nkhani ya ku America, mwina mumaiona pa YouTube. Kuno ku South Africa kulibe pepala lotero. Lamulo lake ndi Firearms Control Act, nambala 60 ya 2000, linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2004, ndipo limati ukakhala ndi laisensi ya mfuti yodzitetezera ukhoza kuyenda nayo, koma ikhale yobisika. Kubisa si mwayi wochita kupempha, ndi lamulo, kuionetsa pagulu ndiye kulakwa. Ndiye chomwe mukufuna ndi laisensi basi, ndipo njira yake ndi iyi.

1. Yang'anani mapepala anu kaye musanawononge ngakhale randi imodzi

Apa ndi pomwe ambiri a ife timathera, ndipo ndilankhula mosapsatira. Lamulo limafuna munthu wa zaka 21 kupita mtsogolo, yemwe ndi nzika ya South Africa kapena ali ndi permanent residence, ija timangoti PR. Pasipoti yodinda masiku siyikwana, work permit siyikwana, mapepala a asylum sakwana. Ine PR ndinaipeza kudzera mu ukwati patatha zaka zisanu, ndipo ndisanaipeze sindikanatha kuyamba n'komwe. Wina akakuuzani kuti ali ndi munthu wake mkati yemwe angakukonzereni laisensi opanda PR, ameneyo akufuna ndalama zanu, ndipo chikadi chomwe angakupatseni chidzakumangitsani tsiku lomwe wapolisi adzachiyang'ane mu kompyuta.

Kupatula mapepala amayang'ananso mbiri yanu. Ngati munapezekapo wolakwa pa mlandu wa chiwawa, nkhanza za m'banja, kugwiririra, mankhwala ozunguza bongo, kapena khoti linanenapo kuti simuli oyenera kukhala ndi mfuti, musavutike. Protection order imene mayi akunyumba anakutengerani nayonso imatuluka. Uchidakwa ndi matenda a maganizo omwe sanakhazikike amaonanso.

Ndiye kwa inu amene mwagwa pa sitepe imeneyi, chonde ndapota nanu, musapite kukagula ya mumsewu. Kupezeka ndi mfuti yopanda laisensi ndi mlandu wofika zaka 15 kundende, ndipo pisto zambiri ndi semi-automatic, zija zimalowetsa zokha chipolopolo china ukangowombera, zomwe makhoti ali ndi lamulo lina lowauza kuti chilango chiyambire pa zaka 15 pokhapokha patakhala zifukwa zamphamvu zochepetsera. Ikakhala yofufutidwa nambala zimatha kufika 25. Komanso simudziwa kuti mfuti imeneyo inapha ndani musanaigule, akaiyeza n'kupeza kuti zipolopolo zake zinapezeka pa mtembo wina ku Hillbrow mlanduwo muyankha ndinu. Pepper spray safuna laisensi, gulani ameneyo, limbitsani zitseko, lowani gulu la CPF la dera lanu, ndiye kuti gulu la anthu okhala m'dera logwira ntchito limodzi ndi apolisi.

2. Pitani kusukulu ya mfuti

Mwadutsa pa mapepala? Pezani malo ophunzitsa ovomerezeka, nthawi zambiri amakhala pa shopu yogulitsa mfuti kapena pa range, malo ophunzirira kuwombera aja. Afunseni akuonetseni chiphaso chawo chovomerezeka ndi apolisi komanso ndi bungwe la aphunzitsi la PFTC. Maphunziro ake ali pawiri, la malamulo lomwe amalitchula ndi nambala 117705, ndi la kagwiridwe ka mfuti ya m'manja la 119649. Amakupatsani buku mukawerenge kunyumba, mumalemba mayeso mu Chingerezi, kenako mumakawombera mphunzitsi akuona. Musalole zoti wina akulembereni mayeso a malamulowo, zomwe zili m'bukumo ndi zomwe zidzakupulumutseni kapena kukumangitsani mtsogolo. Mukakhoza mumalandira setifiketi ndi pepala la zotsatira, zonse ziwiri sungani bwino.

3. Competency

Setifiketi ya kusukulu ija si competency, ambiri amasokoneza. Competency ndi chiphaso chochokera kupolisi chonena kuti munthu uyu ndi woyenera kugwira mfuti. Mumapita ku polisi ya dera lomwe mumakhala, osati ya kuntchito, n'kufunsa DFO, ameneyu ndi wapolisi woona za mfuti pa siteshoni imeneyo. Fomu yake ndi SAPS 517, lembani ndi cholembera chakuda. Tengani ID ndi makope odindidwa, pepala la PR, masetifiketi a kusukulu, zithunzi za pasipoti za colour, umboni wa komwe mumakhala, ndi anthu oti akuikireni umboni za khalidwe lanu. Amakutengani zidindo za zala, mumalipira ndalama pang'ono pomwepo, lisiti lake musataye.

Za anthu a umboniwa musatenge mwachibwana. A DFO amatha kuimbira mkazi wanu, neba kapena bwana wanu kufunsa ngati mumamwa mpaka kuiwala, ngati mumamenya, ngati mumapsa mtima msanga. Ngati mukufuna kuchita zimenezi mobisira akazi anu, imani kaye, mfuti ikalowa m'nyumba imakhudza onse ogona m'menemo. Mafomu amapita ku Central Firearms Register, ofesi yaikulu ya apolisi yoona za mfuti ku Pretoria, ndipo yankho limatenga miyezi, musayembekeze za sabata ziwiri.

4. Sankhani mfuti, gulani safe

Laisensi kuno imaperekedwa pa mfuti imodzi yodziwika nambala yake, si kuti mumatenga laisensi kenako n'kumakasankha. Ndiye mumapita ku shopu, mumalipira, koma mfutiyo imatsala komweko mu safe yawo mpaka laisensi itatuluka, iwo amangokupatsani mapepala osonyeza mtundu ndi nambala. Funsani musanalipire kuti ndikakanidwa ndalama zanga zibwerera bwanji, komanso ngati amalipiritsa yosungira pa mwezi, ndipo yankholo lilembedwe. Laisensi yodzitetezera ili pansi pa section 13 ya lamulo lija, imalola mfuti imodzi yokha, ya m'manja kapena shotgun yosakhala semi-automatic. Ngati cholinga ndi kuyenda nayo, musatengeke ndi chimfuti chachikulu, sankhani yoti ikwane m'dzanja lanu ndi kubisika pansi pa malaya tsiku lonse.

Safe ikhale yofika pa muyezo wa SABS 953-1, yomangidwa ndi mabawuti kukhoma kapena pansi pa simenti. Kabokosi kachitsulo koika pansi pa bedi sikawerengedwa. Kwa ife a lendi apa pamavuta, muyenera kupempha landilodi kuti muboole khoma, ndipo ngati mumakhala mu mkhukhu wa malata kapena mumagona anayi chipinda chimodzi, kunena zoona nkhaniyi idikire kaye mpaka mutapeza malo abwino. Jambulani zithunzi safe ili yotseka, ili yotsegula, ndi mabawuti akuoneka, apolisi amathanso kubwera kudzaona okha.

5. Kalata ya motivation

Tsopano khalani pansi, chifukwa apa ndi pomwe ambiri olangiza amangodutsa ndi mzere umodzi, akuti "lembani motivation", ngati ndi chinthu chophweka. Fomu ya laisensi ndi SAPS 271, koma fomuyo payokha siyikupatsani kanthu. Lamulo limati wopempha asonyeze kuti akufunikiradi mfuti podziteteza, ndiponso kuti palibe njira ina yoyenera yomwe angadzitetezere nayo. Motivation ndi kalata yomwe mumatsimikizira zinthu ziwiri zimenezi kwa munthu wa ku Pretoria yemwe sanakuoneni nkhope, sadziwa msewu wanu, ndipo pa desiki pake pali mulu wa makalata onena zofanana.

Ine ulendo woyamba ndinakanidwa. Kalata yanga inali ya mizere isanu, ndinangoti ku South Africa kuli umbanda wambiri ndipo ndikufuna kuteteza banja langa. Zoona ndithu, koma aliyense angalembe zimenezo, sizinanene chilichonse cha ine. Ulendo wachiwiri ndinakhala pa tebulo mausiku atatu ana atagona, ndi envulopu ya khaki yomwe ndinasonkhanitsamo pepala lililonse, ndipo inatuluka masamba asanu ndi limodzi kuphatikiza zomata kumbuyo.

Yambani ndi inuyo. Ndinu ndani, muli ndi zaka zingati, mumakhala ndi ndani, mwakhala pa adiresi imeneyo nthawi yaitali bwanji, mumagwira ntchito yanji. Kenako fotokozani tsiku lanu monga liliri, mumatuluka nthawi yanji, mumadutsa misewu iti, mumabwerera nthawi yanji. Ngati muli ndi spaza, kagolosale ka m'dera, ndipo mumatseka usiku n'kunyamula ndalama za tsikulo, nenani. Ngati mumayendetsa galimoto ya katundu usiku, nenani njira zake, ndipo bwana alembe kalata yotsimikiza. Ine ndinalemba za mphindi ziwiri zomwe ndimatsika m'galimoto kukatsegula geti mdima uli bii, chifukwa ndi pomwe anandigwirira, ndinaika ndi chithunzi cha getilo usiku kuti aone kuti nyali ya mumsewu ili kutali.

Kenako zomwe zinakuchitikirani, ndi umboni wake. Apa ndi pomwe ife a Malawi timadzipweteka tokha, tikaberedwa sitipita kupolisi, timati zithandiza chani. Koma nambala ya mlandu, ija amati CAS number, ndi yomwe imasandutsa nkhani yanu kukhala umboni. Ngakhale katundu asapezeke, kalembetseni, sungani SMS ya nambalayo. Ngati neba anathyoleredwa ndipo ali ndi nambala, mupempheni muiike. Apolisi amatulutsanso ziwerengero za milandu za siteshoni iliyonse, pezani za siteshoni yanu pa intaneti, muike za kuba ndi mfuti, kuthyola nyumba ndi kulanda magalimoto, osati za dziko lonse.

Chigawo chomwe ambiri amaiwala ndi chachiwiri chija, chosonyeza kuti munayesa njira zina. Lembani zonse zomwe munachita kale, mabagla ba m'mawindo, geti lachitsulo, alamu, galu, kampani ya chitetezo ngati mumalipira, gulu la CPF, kenako fotokozani pomwe zimenezi zimathera. Alamu imateteza nyumba koma siyikutsatirani pa msewu, a chitetezo amafika patapita mphindi pomwe achifwamba amatha ntchito yawo mu masekondi, polisi ili pa mtunda wakuti kuchokera kwanu. Malizani ndi chifukwa chomwe mwasankhira mfuti imeneyo, maphunziro omwe mwachita, komwe muzikayeserera, ndi mmene muziisungira.

Zoti musalembe nazo zilipo. Musalembe mokwiya, zoti anthu amenewa ndikufuna adzaone, kalata yonunkha kubwezera imakanidwa ndipo ndi bwino kuti ikanidwe. Musalembe kuti mukufuna kuteteza galimoto kapena katundu wa mu shopu, laisensi iyi ndi yoteteza moyo. Musakope ya mnzanu kapena ya pa intaneti n'kungosintha dzina, amaziona zambiri zofanana. Ndipo musaname ngakhale pang'ono, kulemba bodza pa mafomu amenewa ndi mlandu pawokha. Ngati Chingerezi chimakuvutani pezani wokuthandizani kulemba, alipo ena amalipiritsa, koma nkhaniyo ichoke pakamwa panu ndipo muiwerenge yonse musanasaine, chifukwa a DFO akakufunsani za zomwe zalembedwa muyenera kuyankha osayang'ana pepala.

6. Perekani, dikirani

Zonse pamodzi kwa DFO yemwe uja, fomu, motivation, kopi ya competency, mapepala a ku shopu, zithunzi za safe. Pangani makope a chilichonse musanapereke. Mukakanidwa amakulemberani chifukwa chake, ndipo muli ndi masiku 90 ochita apilu ku Appeal Board pa fomu ya SAPS 530, kapena mukhoza kuyambiranso ndi kalata yabwino ngati mmene ndinachitira ine. Mukavomerezedwa dikirani khadi lifike m'manja, ndi khadilo lomwe mumakatengera mfuti ku shopu, SMS yokha siyikwana.

7. Kuyenda nayo

Section 84 ndi yaifupi koma iloweni pamtima. Pagulu mfuti ya m'manja ikhale mu holster, kachikwama kopangidwira mfuti komangirira pathupi, kapena mu chikwama chonga cha kumsana, ikhale yophimbika yonse, ndipo inu mukhale ndi ulamuliro pa iyo nthawi zonse. Kungoisomeka pa lamba opanda holster ndi kulakwa, komanso ndi mmene anthu amadziwombera ntchafu. Gulani holster yolimba yophimba trigger, pokokera ndi chala powombera paja, ndi lamba wochindikala. Imani pa galasi, kwezani manja, weramani ngati mukutola kanthu, ngati ikuonekera sinthani malaya. Ine ndinasiya malaya othina onse chifukwa cha chimenechi.

Khadi la laisensi likhale m'thumba nthawi iliyonse mfuti ili pathupi. Apolisi akakuimitsani pa roadblock manja akhale pa chiwongolero, auzeni modekha kuti muli ndi mfuti ya laisensi ndi pomwe ili, musaigwire mpaka atakuuzani chochita. Zipolopolo musapitirire 200 pa mfuti imodzi.

Mowa ndi mfuti sizikhalira limodzi, kugwira mfuti utaledzera ndi mlandu. Ngati mukupita ku braai kapena ku thaveni ndipo mukudziwa kuti mulawa, itsekereni mu safe musananyamuke. Pa zionetsero ndi misonkhano ya pamsewu siyiloledwa, pa sukulu za boma ayi, m'makhoti ndi m'nyumba zambiri za boma ayi, ndipo mwini malo aliyense akhoza kukukanizani kulowa nayo. Vuto limabwera mukafika pa khomo lotero muli nayo, ambiri amathamangira kukaisiya mu galimoto pansi pa mpando. Musatero. Mfuti ikakhala kuti siili pathupi panu iyenera kukhala mu safe, ikabedwa mu galimoto mlandu wosasamala ndi wanu ndipo akhoza kukulandani ufulu wokhalanso ndi mfuti. Konzani ulendo musanatuluke m'nyumba. Ikatayika kapena kubedwa muli ndi maola 24 okanena kupolisi.

Kunyumba makiyi a safe ndi anu nokha, asakhale pa msomali pomwe mwana angafike. Kubwereka m'bale wanu kuti akagone nayo ku shopu ndi mlandu kwa nonse awiri, munthu wina amaloledwa kuigwiritsa ntchito pokhapokha inu muli pomwepo mukumuyang'anira, monga pa range.

8. Kuitulutsa

Ichi chimandidetsa nkhawa kuposa zonse, chifukwa ndaona anthu akusintha mayendedwe akangoimva pa chiuno. Kuloza munthu mfuti popanda chifukwa chomveka ndi mlandu, ngakhale ilibe chipolopolo, ngakhale ili yoseweretsa kapena ya blank yomwe munthu angaganize kuti ndi yeniyeni. Kuwombera m'mwamba pakati pa nyumba za anthu ndi mlandu, kaya ndi pa New Year kaya mukuti mukuopseza akuba, chipolopolo chimenecho chimakatsikira pa denga la munthu. Oscar Pistorius, kupatula mlandu wopha Reeva Steenkamp mu 2013, anapezekanso wolakwa chifukwa cha mfuti yomwe inalira m'manja mwake mu lesitilanti ina ku Johannesburg, pomwe palibe anavulala. Ndipo pa mlandu waukuluwo khoti la apilu mu 2015 linati ndi kupha mwadala, chifukwa anawombera pa chitseko chotseka akudziwa kuti yemwe ali kuseliko akhoza kufa, kaya akhale ndani.

Lamulo limakulolani kudziteteza pamene chiwembu chayamba kapena chili pafupi kuchitika pompo, moyo wanu kapena wa munthu wina uli pa ngozi yeniyeni, palibe njira ina, ndipo mphamvu yomwe mwagwiritsa ikugwirizana ndi ngoziyo. Wakuba yemwe akuthawa ndi foni yanu, msana wake uli kwa inu, si ngozi pa moyo wanu. Munthu wakutukwanani pa robot, wakutchulani dzina lonyoza alendo, zimawawa ndikudziwa, koma si chifukwa. Munthu amene anakuberani dzulo mwamuona lero pa renki, imbani apolisi pa 10111. Wokhala ndi mfuti ndi amene ayenera kuyamba kuchoka pa mkangano, kupepesa ngakhale sanalakwe, chifukwa ndewu ya zibakera ikayamba mfuti ili pa chiuno mapeto ake ndi maliro.

Zikachitika kuti mwawombera, onetsetsani kuti ngozi yatha, itanani apolisi ndi ambulansi, musasunthe zinthu pamalopo, musathawe. Mfuti adzaitenga kukaiyeza ndipo docket, fayilo ya mlandu, idzatsegulidwa ngakhale muli olungama, ndi mmene zimayendera. Pezani loya musanalembe sitetimenti yaitali, mutu umakhala usali bwino nthawi imeneyo. Nambala ya loya ikhale mu foni kuyambira tsiku lomwe mwatenga mfuti.

9. Masiku a laisensi, kusamuka, ndi ulendo wa kumudzi

Laisensi ya section 13 imakhala zaka zisanu. Muyenera kupempha yatsopano pa fomu ya SAPS 518(a) kutatsala masiku osachepera 90 kuti ithe, muonenso competency yanu nthawi yomweyo. Constitutional Court, khoti lalikulu kwambiri kuno, inagamula mu 2018 kuti lamulo limeneli ndi loyenera, laisensi ikatha yatha ndipo mfutiyo muli nayo mosaloledwa. Mu 2022 khoti lomwelo linati munthu wotero akhoza kupempha laisensi yatsopano pa mfuti yomweyo, koma ndi njira yaitali yoyambiranso pachiyambi. Ikani alamu mu foni ya miyezi isanu ndi umodzi tsikulo lisanafike. Mukasamuka nyumba dziwitsani apolisi pasanathe masiku 30, ndipo safe imangidwe kunyumba yatsopanoyo usiku woyamba womwewo.

Ndiye funso lomwe limabwera chaka chilichonse December akayandikira, achimwene ndingapite nayo kumudzi? Laisensi ya South Africa imathera pa Beitbridge. Kuti mfuti ituluke pamafunika pemiti ya apolisi a kuno, kenako chilolezo cha Zimbabwe, cha Mozambique, ndi cha apolisi a ku Malawi, dziko lililonse ndi malamulo ake, ndipo kuibisa mu katundu wa pa basi n'kupezeka nayo pa Nyamapanda kapena pa Mwanza ndi mlandu wozembetsa zida. Ine ndikamapita ndimakaisiya ku shopu komwe ndinaigula, amandilembera pepala losungira, ndimalipira ya mwezi umodzi, ndikabwerako mu January ndimakaitenga ndi khadi langa.